Asiyeni amadala akangane pa bawo

Anthu ambiri akamadutsa pamsika n'kuona amuna atazinga thabwa la bawo pansi pa mtengo wa mango, mawu amene amatuluka m'kamwa mwawo ndi amodzi: "Taonani malova awo." Ine mawu amenewa ndimawakana. N'zoona kuti pa bawo pamapezeka anthu osowa ntchito, ndipo m'dziko muno, momwe ntchito zolembedwa zili zowerengeka, zimenezo n'zosadabwitsa. Koma pamakhalanso telala amene watseka kaye makina, mlonda woyembekezera kulowa usiku, mphunzitsi wopuma ntchito, wakabaza amene miyendo yalema. Ndipo zimene anthu amenewa amakambirana, nthabwala, zokumbutsana za makedzana, mikangano ya mtengo wa buledi wa zaka 40 zapitazo, n'zimene zikusunga mbiri ya anthu wamba a dziko lino. Chachikulu n'chakuti pamenepa mbiriyo imakonzedwanso ikayamba kupotoka.

Macheza a pa bawo amabadwa m'kapangidwe ka masewerawo. Thabwa lili ndi mizere inayi ya maenje 8, onse pamodzi 32, ndipo nkhomo zake ndi 64. Masewerawa anabwera kuno ndi amalonda a Chiswahili ndi a Chiyao amene ankayenda pakati pa nyanja yathu ndi gombe la nyanja ya mchere, n'chifukwa chake ku Zanzibar mukawapezanso. Kumidzi kuli ntchuwa yokumba pansi, anzathu a ku Zambia ali ndi nsolo. Osewera ndi awiri basi, komatu pitani ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale, ku Mchesi, ku Nkhotakota kapena pa boma la Mangochi, simukapeza anthu awiri okha. Awiri agwira nkhomo, khwimbi laima kumbuyo kwawo, aliyense ndi nzeru zake. "Idyani apo, achimwene!" "Ayi, mukatero mwadzipha nokha." Wosewera akanyamula nkhomo zambiri n'kuyamba kufesa, dzanja limazungulira thabwa kwa kanthawi, kugwa apa, kunyamulanso, kudya za mnzake, kupitiriza, ndipo ena onse amangodikira. Maso ali pa thabwa, koma pakamwa ndi makutu zilibe chochita. Mpata umenewo ndi umene umadzadza ndi nkhani. Kumalo oonera mpira wa ku England aliyense amayang'ana mbali imodzi, ku kanema, ndipo phokoso lake silola munthu kumaliza chimene wayamba kunena. Pa bawo anthu amayang'anizana.

Tengani nkhani ya ndalama, imene simatha pamalo amenewa. Kwacha inayamba mu 1971 kulowa m'malo mwa paundi, ndipo makwacha awiri ankafanana ndi paundi imodzi. Alipo amadala amene mpaka lero amakumbukira mitengo m'mashilingi ndi m'matiki. Mdzukulu wawo wakula akuona pepala la K2,000, limene linatuluka mu 2016, kenako la K5,000 la mu 2022, ndipo mu Novembala 2023 anamva pa wailesi kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndiye madala akayamba zoti ine ndi kwacha imodzi ndinkagula shuga, sopo ndi parafini n'kutsala ndi chenji, mnyamatayo amangoti kukamwa yasa. Koma pomwepo mnzawo wa msinkhu womwewo amaponya funso, dzanja lili m'dzenje: "Nanga pamwezi munkalandira zingati, achimwene? Nsapato yoyamba munavala muli ndi zaka zingati?" Gulu lonse limafa ndi phwete, ndi madala omwe. Mnyamata uja waphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti ndalama yathu yafookadi koopsa, komanso kuti kutsika kwa mitengo sikunkatanthauza kuti aliyense ankakwanitsa kugula. Palibe phunziro la zachuma la ku sekondale limene lingamufike pamtima choncho.

Mpira ndiye umatenga madzulo onse. Mungadziwe zaka za munthu pongomva dzina limene amatchulira timu yake. Wina akadali pa Bata Bullets, wina pa Total Big Bullets, wina amayamba mbiri yonse ndi Bakili Bullets ya mu 2004 imene inafika m'magulu a mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Kwa Manoma nakonso chimodzimodzi: Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, Be Forward. Mkangano wake ndi womwewo chaka ndi chaka: Kinnah Phiri ndi Gabadinho Mhango, katswiri ndani? Wachinyamata amatulutsa foni n'kuonetsa chigoli chimene Gabadinho anamwetsa Morocco ali kutali mu Januwale 2022, kapena zigoli zitatu zimene Flames inathira Algeria ku Angola mu 2010. Madala alibe choonetsa. Flames inatenga chikho cha kummawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi mu 1979, inapita ku Ivory Coast mu 1984, inatenganso chikho chija mu 1988, koma dziko lino linalibe wailesi ya kanema mpaka mu 1999. Zambiri za machenga a Ernest Mtawali, za liwiro la Lawrence Waya, za mmene Jack Chamangwana ankatsekera kumbuyo, zili m'mitu ya anthu amene anali pa Kamuzu Stadium kapena amene anazinga kawailesi ka mabatire kumvera MBC.

Mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa mpira. Maiko amene anali ndi kanema kuyambira kale akhoza kubwezera tepi m'mbuyo n'kuona mmene misewu, misika ndi zovala zawo zinkaonekera. Ife zaka 35 zoyambirira za ufulu wathu tinazidutsa ndi wailesi ya boma, nyuzipepala zochepa, ndi zithunzi zimene ambiri ankajambulitsa pa ukwati pokha. Ku malo osungira zolemba zakale za boma ku Zomba kuli makalata a akuluakulu a boma ndi malipoti awo. Mulibemo fungo la m'basi ya kampani yakale ya UTM yochokera ku Blantyre usiku, mulibemo mmene mwana wakumudzi ankamvera polowa m'sitolo ya Kandodo kapena ya PTC koyamba, mulibemo chifukwa chimene banja lonse linkasiyira nsima kuti limvere sewero la pa wailesi la Kapalepale. Tinthu timeneti timaoneka topanda pake, koma moyo wa munthu ndi womangidwa ndi tomweti.

Nthawi zambiri nkhani yolemera imalowa pa bawo kudzera pa khomo la nthabwala. Wina amaseka jekete la madala: "Limeneli ndi lija la ku Theba, eti? Silitha?" Madala amalisasa, n'kunena kuti nsalu za masiku ano sizingapikisane nalo. Kuchoka apo nkhani imatsetsereka yokha. Amafotokoza za Wenela, bungwe lolemba anthu okagwira ntchito ku migodi ya ku Joni limene kenako linatchedwa Theba, za kupimidwa thupi asanakulembe, za Fanakalo, chiyankhulo cha pansi pa mgodi, za kubwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi makina osokera, za matchona amene anapita osabwerako. Wina amakumbutsa za ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndi mmene Kamuzu analetsera kulemba anthu a ku migodi pambuyo pake. Ulendowu unatsegukanso mu 1977, n'kudzatsekekeratu mu 1988 pa mkangano woyeza anthu kachilombo ka HIV. Kenako wina amatchula za chifuwa chimene anzawo ambiri anabwera nacho kuchokera m'fumbi la mgodi, ndi za ndalama zimene akhala akuzilondola kwa zaka zambirimbiri. Mnyamata amene akusunga ndalama ya basi yopita ku Joni, kukagwira ntchito m'mashopu kapena m'minda ya maluwa ya azungu, amamva pamenepa kuti njira imene akufuna kuyenda ndi yakale, ndipo ili ndi phindu lake ndi manda ake. Zonsezi zayamba ndi kuseka jekete.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani. Kukumbuka zakale kuli ndi matenda ake: kumasefa. Munthu amakumbukira unyamata wake, mphamvu zake, makolo ake akadali moyo, n'kuganiza kuti dziko ndi limene linali labwino. "Nthawi ya Kamuzu zinthu zinali bwino" ndi mawu amene mungawamve paliponse, ndipo sindiwapeputsa. Anthu akunena zinthu zenizeni: misika ya ADMARC imene inkagula mbewu kufupi ndi mudzi, mabasi amene ankayendera nthawi, mizinda yaukhondo, mbava zochepa. Munthu amene lero wagona pa mzere wa mafuta kapena wa feteleza ali ndi chifukwa chosirira masiku amenewo. Koma masiku omwewo anali a khadi la chipani, limene popanda ilo achinyamata a chipani ankakubweza pa chipata cha msika kapena pokwera basi. Anali masiku a lamulo la mu 1973 loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndi amuna kusunga tsitsi lalitali. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zitatenthedwa. Kunali ndende ya Mikuyu, komwe anthu ankakhala zaka osaonekera ku khoti. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga anaphedwa, mitembo yawo n'kupezeka ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kuchigawo chawo.

Funso ndi ili: m'chikhalidwe chathu, ndi pati pamene wamng'ono, kapena ngakhale mnzake, angamudule mawu munthu wamkulu n'kumukumbutsa zimenezi? Pa maliro n'zosatheka. Ku tchalitchi ndi ku mzikiti n'zosatheka. Pa msonkhano wa chipani amene wagwira chimkuzamawu ndiye mwini choonadi. Kunyumba mwana akatsutsa bambo ake amatchedwa wamwano. Pa bawo pokha ndi pamene mnyamata wa zaka 20 amatha kudya nkhomo zonse za munthu wa imvi, anthu akuona, ndipo wa imviyo n'kuvomera kuti wagonja. Kufanana kwa pa thabwa kumatsikira m'macheza. Madala akati mabasi ankabwera pa nthawi yake, wina amati: "Eya, madala, ankabweradi. Koma tsiku lija munaiwala khadi, munakafika bwanji ku Lunzu?" Anthu amaseka, madala amapukusa mutu akuseka nawo, n'kuyamba okha kufotokoza za mtunda umene anayenda wapansi. Palibe amene wachititsidwa manyazi, koma mbiri yawongoka. Ndi ufulu wofanana ndi wa pachisuweni, pamene msuweni amakuuza choonadi chowawa iwe n'kumaseka.

Ndipo lupangali limadula mbali zonse. Wotamanda Bakili Muluzi chifukwa cha sukulu ya ulere ya mu 1994 amakumbutsidwa za ana ophunzira pansi pa mitengo ndi za njala ya mu 2002. Wotamanda Bingu wa Mutharika chifukwa cha makuponi a feteleza ndi misewu amakumbutsidwa za kusowa kwa mafuta ndi za anthu 20 amene anaphedwa pa zionetsero za mu Julaye 2011. Wachinyamata wonyoza zakale zonse amafunsidwa kuti ndalama za Cashgate za mu 2013 zinabedwa nthawi ya yani. Amene anakhalako nthawi ya chipani chimodzi amadziwa kuti munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la mtsogoleri, poopa kuti pagulupo pali kazitape. Kuti lero anthu akhoza kukhala pansi pa mtengo n'kumaseka atsogoleri onse mmodzimmodzi ndi chipatso cha kalata ya maepiskopi ya mu Marichi 1992 ndi voti ya pa 14 Juni 1993 yosankha ndale za zipani zambiri. Ufulu umenewo sukhala m'buku la malamulo lokha. Umakhala ndi moyo pamene anthu wamba akuugwiritsa ntchito pa tinthu tating'ono tsiku ndi tsiku.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Amene anavota mu 1993 ndi ochepa tsopano pakati pathu. Achinyamata ambiri akumva za Kamuzu kuchokera kwa andale, amene aliyense amasankhapo zomukomera. Ine ndingakonde amve kuchokera kwa amadala awiri amene akutsutsana.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo ina ndi yolimba kwambiri. Pa bawo sipaoneka amayi. Pamene amuna akukangana za chigoli cha mu 1979, akazi awo ali pa mjigo, ku chigayo, kapena akugulitsa tomato mbali ina ya msika womwewo. Mwamuna amene amafika pa bawo m'mawa nthawi ya dzinja, munda uli tchire, palibe chomuikira kumbuyo, ndipo anzake a pa bawo omwewo ndi amene amayamba kumufunsa ngati khasu linathyoka. Amayi nawo ali ndi macheza awo okoma, ku banki m'khonde, ku kwaya, ku saluni, pophika pa ukwati ndi pa maliro. Koma taonani kuti macheza awo onse amachitika manja akugwira ntchito. Chosalungama chili apo: mwamuna ali ndi malo okhala pansi n'kumasewera, mayi alibe. Ndipo mbiri ya pa bawo imatsimphina chifukwa cha zimenezi. Amuna amakamba za magule a pa misonkhano ya Kamuzu monga oonerera. Amayi amene ankasiya ana ndi minda, kukwezedwa m'malole kukavina monga mbumba, ali ndi nkhani ina, ena yosangalatsa, ena yowawa, ndipo pa thabwa paja simveka. Mankhwala ake si kugwetsa bawo. Ndi kuti bambo atenge chidebe tsiku lina, mayi apeze ola lake, ndiponso kuti mtsikana akaima pafupi kuonerera asauzidwe kuti apa si pa akazi. Masamu a nkhomo 64 sasankha mutu wa mwamuna.

Mfundo ina ndi ya mphekesera. Anthu amati pamene pasonkhana anthu ocheza ndi pamene mabodza amaswana, ndipo tonse tikukumbukira za anamapopa mu 2017, pamene anthu osalakwa anaphedwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma oyandikana nawo chifukwa cha nkhani zopanda mutu. Sindinganene kuti pa bawo sipadutsa bodza. Limadutsa. Koma wolinenayo ali ndi nkhope, ali ndi dzina, ndipo mawa abweranso. Akanena kuti boma lisintha ndalama Lolemba, Lolemba likadutsa amapatsidwa dzina latsopano limene adzafa nalo. Yerekezani ndi mawu ojambulidwa amene amazungulira pa WhatsApp, a munthu wosadziwika amene amayamba ndi "abale anga, tumizirani ena," ndipo palibe amene angamufunse mawa lake. Kuseka wabodza pamaso ndi chilango chenicheni, ndipo chimagwira ntchito.

Palinso chinthu chimene amuna sakonda kuchitchula. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo zifukwa zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Mwamuna wa kuno analeredwa kuti salira. Sadzapita kwa mnzake kukanena kuti mtima wanga walemera. Koma pa bawo akhoza kunena moseka kuti "kunyumba kwatentha, achimwene," kapena kuti akatapila akundisaka, ndipo pakati pa kuseka kuja wina wamva. Akaweruka amamuperekeza. Akasowa masiku angapo, funso limamveka: "Kodi auje ali kuti masiku ano?" ndipo wina amapita kukagogoda. Pakagwa zovuta, anthu omwewa ndi amene amasonkha chipepeso ndi kukagona pa siwa. Bawo si chipatala, ndipo wodwala maganizo amafunika thandizo la odziwa. Koma achinyamata ambiri lero amathera madzulo m'nyumba zobetchera mpira, aliyense maso pa kapepala kake, ndipo akaluza ndalama ya lendi amatuluka yekha. Malo amene munthu amakhala ndi anzake osalipira kalikonse, osagula mowa, osabetcha, akucheperachepera m'matauni athu.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona msika ukumangidwa mwatsopano, mitengo yonse itadulidwa, paliponse simenti ndi mabenchi ogulitsira, popanda ngodya ya mthunzi yoti anthu n'kukhalapo. Makhonsolo amawerengera malo amene angabweretse ndalama ya tikiti, ndipo bawo sabweretsa. Koma kusiya mtengo umodzi ndi mabenchi awiri sikungagwetse bajeti ya khonsolo iliyonse. Mawailesi a m'madera, monga Dzimwe ku Mangochi, Mudziwathu ku Mchinji, ndi a ku Nkhotakota ndi ku Mzimba, ali pafupi ndi anthu amenewa kuposa wina aliyense, ndipo akhoza kupatula ola pa sabata la mikangano ya zakale, anthu ake omwewa, m'chiyankhulo chawo. Ophunzira za mbiri ku Zomba ndi ku Mzuzu ali ndi mafoni ojambula mawu m'matumba. Chenjezo langa kwa iwo n'lakuti asafike ndi mndandanda wa mafunso n'kukhazika madala mmodzi pampando, chifukwa akatero adzamva zokhazo zosefedwa zija. Apemphe chilolezo, ajambule gulu lonse, ndi wotsutsa yemwe, ndi kuseka komwe. Ndipo asachedwe. Mnyamata amene anakwera ulendo womaliza wa ku Theba mu 1988 ali ndi zaka 25, lero wadutsa zaka 60, ndipo ambiri mwa amene anaonera Flames ikunyamula chikho mu 1978 ndi okulirapo kuposa pamenepo.